Kucokera pa koloboyi kufika pa sola: mbiri ya kuwala m'nyumba za ku Angónia

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, sabata yatha mwana wina wa kalasi yacinayi anabwera osalemba nchito ya kunyumba. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, sola inagona." Anzake anaseka. Ine sindinaseke, cifukwa linali tsiku lacitatu la mvumbi, ndipo kwathunso nyali inazima tisanamalize kudya nsima. Yankho lake linandikumbutsa kumene tacokera ndi nkhani ya kuwala kuno kumapiri.

Ine ndinaphunzira kuwerenga pa koloboyi: kabotolo, kansanza kopota, ndi parafini woyeza pa kacitini. M'mawa m'mphuno munkakhala bii ndi mwaye. Parafini akatha tinkasendera kumoto, buku n'kumanunkha utsi.

Comwe cimandiwawa mpaka lero n'cakuti nthawi yomweyo, m'cigawo cathu comweci ca Tete, ku Songo, kunali kale damu la Cahora Bassa. Anayamba kulimanga mu 1969, madzi n'kuyamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Koma atsamunda sanamangire ife. Mphamvu zake, zoposa megawati 2000, anakonzera kugulitsa ku South Africa, ndipo mawaya anayenda makilomita pafupifupi 1400 kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. M'nkhondo ya zaka 16 nsanamira za mawayawo zinagwetsedwa zambirimbiri. Apo n'kuti ambiri a ife titathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo titabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 tinapeza mabwinja. Mu Novembro wa 2007, pamene dziko lathu linatenga gawo lalikulu la damulo m'manja mwa Portugal, kumudzi kwathu nkhaniyo tinaimvera pa wailesi ya mabatire, koloboyi akuyaka pambali.

Boma linakhazikitsa FUNAE mu 1997, ndipo m'kupita kwa zaka bungweli linaika masola pa masukulu, pa zipatala zazing'ono ndi pa maofesi a kumidzi. Anthu ambiri anaonera pamenepo kuti dzuwa likhoza kuyatsa babu. Koma m'nyumba zathu sola inalowera kumsika, ndipo imene inaitsegulira citseko ndi foni. Netiweki itafalikira kumidzi, makamaka Movitel itayamba mu 2012, munthu anatopa kupalasa njinga mpaka ku Ulónguè kukangochajitsa foni.

Bambo anga anagula yawo kumsika wa kumalire atagulitsa mbatatesi. Anaigoneka cagada padenga, n'kulumikiza waya molunjika ku batire yakale ya galimoto. Mu Outubro zinali bwino kwambiri, anthu ankabwera kudzachajitsa mafoni mpaka pakhonde kusowa pokhala. Pofika Fevereiro batire inali itafa. Anagula ina, nayonso sinaone mvula yaciwiri. Ndiye mawu anafala m'mudzi: sola ndi ya kucigwa ku Tete kumene dzuwa limaswa mtengo, kuno kwa nkhungu n'kutaya ndalama.

Mawu amenewo anali ndi coonadi pang'ono cabe. Kuno n'kokwera, phiri la Dómuè limapitirira mamita 2000, ndipo nkhungu imacedwa kucoka m'madambo. Mitambo ikakhuthala, sola imapereka mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake, nthawi zina kuceperapo. Koma siimiratu, ndipo kuzizira kwa kuno imakukonda, cifukwa sola ikatentha kwambiri imafooka. Cimene cinkafa cinali batire. Ya galimoto anaipangira kuliza injini kamphindi kenaka n'kudzazidwa msanga. Ukamaikama usiku uliwonse mpaka kuuma, masiku a mvumbi n'kukhala yosadzaza, imaonongeka m'kati. Kacipangizo koiteteza, kamene amisiri amati regulador, ambiri sitinkakadziwa n'komwe, ndipo ogulitsa ena sankakachula.

Panalinso nkhani ya kaikidwe. Ife tili kumwera kwa equador, conco m'miyezi ya cisanu, Junho ndi Julho, dzuwa limadutsa cakumpoto. Sola iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono, kuti mvula izitsukanso fumbi. Ya bambo inali cagada, ndipo m'mawa wonse inkakhala mumthunzi wa mabulugamu amene iwo omwe anadzala. Mthunzi wa nthambi imodzi pakona umatha kugwetsa mphamvu ya sola yonse. Izi anatiuza ndi mnyamata wina amene anaphunzira za magetsi, bambo atataya kale mabatire awiri. Sanadule mitengo (anakana kwamtuwagalu), anangosamutsira sola pa mlongoti kuseri kwa nkhokwe.

Kwa ine, cimene cinasinthadi zinthu kumapiri kuno ndi babu la LED. Nyali zakale zinkadya mphamvu yambiri, pamene LED ya mawati awiri kapena atatu imawalitsa cipinda mokwanira kuwerenga. Mphamvu yocepa ya tsiku la mitambo, imene kale inali yopanda nchito, inayamba kukwanira. Kenaka kunabwera timabokosi ta batire ya lithium, tokhala ndi regulador m'kati momwemo, tolipira pang'onopang'ono pa foni. Timeneti tili ndi vuto lakenso: ukacedwa kulipira kabokosi kamadzitseka, ndipo mwezi umene ndalama imasowa m'nyumba, Janeiro ndi Fevereiro, ndi womwewo wa mitambo.

Mwana uja ndinamufunsanso bwino pa nthawi yopuma. Sola ya kwawo sinagone yokha ayi: kamphamvu kocepa ka tsikulo kanathera pa mafoni atatu ndi sipika ya acimwene ake. Ndinalembera makolo ake kakalata kuti masiku a mvumbi nyali ya patebulo iziyamba, mafoni pambuyo. Inenso ndacepetsa nchito ya kunyumba mpaka mvula itadula.

Sola ya bambo ija ikadalipo pa mlongoti womwewo, galasi lake lili ndi mng'alu pakona. Yakwirira mabatire asanu, ndipo mayi amachajira wailesi.