Wamasiye

Mawu akuti wamasiye amachokera ku mneni kusiya. Amanena za munthu amene wasiyidwa ndi womwalira: mwana wamasiye, mkazi wamasiye, ngakhalenso bambo wamasiye. Mabungwe monga UNICEF amawerengera ngati wamasiye mwana aliyense wosafika zaka 18 amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anamwalira.

Kumidzi ya ku Ngauma ndi Mandimba, ku Mozambique, mawuwa salemera mofanana nthawi zonse. Anyanja ndi Ayao a kuno amatsata mtundu wa kuchikazi, choncho mwana amene bambo ake amwalira amakhalabe pamudzi pa mayi ake, ndipo malume, mwini mbumba, ndi amene amayenera kumuyang'anira. Umasiye wowawitsitsa umayamba mayi akatsikira kuli chete. Nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, kenako Edzi, zinachulukitsa ana otere mpaka agogo ofooka anatsala ndi zidzukulu zodzaza nyumba.

M'tauni ya Cuamba, pamene njanji yochokera ku Nampula imagawikana kupita ku Lichinga ndi ku Malawi, mbumba ili kutali. Mwana wosiyidwa m'nyumba ya lendi amagulitsa mandasi pasiteshoni. Mnzake wa ku Mandimba amasenza katundu pamalire opita ku Chiponde, sukulu n'kuimira pomwepo. Chimene chimandiwawa n'chakuti ena amasandutsa mawuwa kukhala dzina la mwanayo. Amamuitana nalo pamaso pa anzake, makamaka pogawa nsima, kuti asayerekeze kupempha mtanda wachiwiri.