Akatswiri a Singano ndi Nthenda ya Ng'ala

Kalekale, madotolo asanadziwe kuti ng'ala ndi kachigalasi kachibadwa ka m'diso kamene kachita chifunga, nikamwaza kuwala mwakuti mwini diso athobwa ndi dzuwa la masana koma osazindikira nkhope ya mwana wake, kunali amuna oyendayenda ndi singano m'thumba, amene ankalasa diso pambali ndi kukankhira kachigalasiko pansi, monga adafotokozera Sushruta wa ku India. Odwala ena ankapenyadi tsiku lomwelo, ngakhale mwachimbuuzi. Koma walira mvula walira matope, pakuti diso likayamba kutupa ndi kutukusira, mwini singano anali atawoloka kale mitsinje.

Wotchuka mwa iwo anali John Taylor, Mngelezi wa pakamwa pozuna, amene mu 1750 adalasa kawiri maso a katswiri wopeka nyimbo Johann Sebastian Bach ku Leipzig; Bach sadapindule kanthu, namwalira chaka chomwecho. Chomvetsa chisoni nchakuti mu 1747 Jacques Daviel wa ku France anali atayamba kale kutulutsiratu kachigalasiko m'diso. Kuikamo kena kapulasitiki kudadikira Harold Ridley, pa chipatala cha St Thomas' ku London, mu 1949.