Ngozi za pamsewu m'boma la Mangochi

Ngozi za pamsewu m'boma la Mangochi zimachitika pa misewu ya kumwera kwa nyanja ya Malawi, pomwe magalimoto, njinga zamoto, njinga zakapalasa ndi anthu oyenda pansi amalimbirana msewu umodzi wopanikiza. Zambiri mwa ngozizi sizigwa mwatsoka chabe. Gwero lake limakhala chinthu chimene munthu wachita mosasamala.

Misewu yake

Msewu wa M3 umachokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Ukafika pa Mangochi umawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukwera mokhotakhota mapiri a ku Namwera mpaka ku Chiponde, kumalire ndi Mozambique. Wa M10 umatsata gombe la nyanja kulowera ku Monkey Bay, kudutsa m'midzi ndi m'misika monga pa Makawa. M'malo oterewa ogulitsa malonda amayala katundu m'mphepete mwenimweni mwa tala, ana amawoloka popita kusukulu, ndipo mbuzi zimadumphira pamsewu nthawi ina iliyonse.

Zoyambitsa

Choyamba ndi liwiro. Madalaivala a minibasi amathamangitsana polimbirana okwera, ndipo onyamula usipa ndi chambo amafulumira kuti nsomba zifike kumsika zisanawonongeke. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro likakwera ndi gawo limodzi pa magawo 100, mpata wa ngozi yopha anthu umakwera ndi magawo 4 pa 100. Nzeru yomweyi makolo adainena kale: kuthamanga sikufika.

Chachiwiri ndi kupakira mopyola muyeso. Galimoto ya matola ikadzaza madengu a nsomba, anthu n'kukhala pamwamba pake, mabuleki amalephera pamtsetse. Akabaza ambiri a njinga zamoto amakweza anthu awiri kapena atatu opanda chipewa choteteza mutu, ena alibe ndi chiphaso chomwe. Nyengo ya Khrisimasi ndi Pasaka alendo amakhamukira kunyanja, ndipo ena amagwira chiwongolero atamwa mowa.

Lamulo ndi kulozana zala

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto mosasamala, utaledzera kapena ulibe chiphaso, ndipo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena. Nthambi ya boma ya DRTSS ndiyo imapereka ziphaso ndi kuyeza magalimoto, pomwe apolisi apamsewu amafufuza ngozi n'kutengera mlandu kukhoti.

Ngozi ikachitika, aliyense amadziyeretsa. Dalaivala amaloza maenje a pamsewu kapena mwini galimoto amene amafuna ndalama yoikika tsiku ndi tsiku. Mwini galimoto amaloza dalaivala. Okwera, amene mwina ndiwo ankamufulumizitsa, amakhala chete. Nthawi zina dalaivala amathawira kupolisi poopa kumenyedwa ndi anthu olusa, ndipo kumudzi ena amayamba kuganizirana ufiti, mabanja n'kudana chifukwa cha imfa imene mwini wake ndi liwiro.

Zotsatira zokhalitsa

Ovulala amatengeredwa ku chipatala chachikulu cha Mangochi kapena cha ku Monkey Bay, ndipo ovulala modetsa nkhawa amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Lipoti la WHO la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri azaka 5 mpaka 29.

Kunyanja kuno msinkhu umenewu ndi wa ana asukulu, asodzi ndi akabaza. Msodzi woduka mwendo kapena wothyoka msana sangakokenso khoka, choncho banja limagulitsa bwato kapena njinga kuti lipeze ya mankhwala, ana n'kusiyira sukulu panjira. Ngati njinga kapena galimoto imene idachita ngoziyo inalibe inshuwaransi, chipukuta misozi chimavuta kupeza. Woyendetsa nayenso amatha kulipitsidwa chindapusa, kulandidwa chiphaso kapena kupita kundende, ndipo akatuluka amakhalabe m'mudzi umodzi ndi aferedwa, n'kumakumana nawo kudoko ndi pamaliro.