Mkaidi Amene Anabwerera Ali Kazembe

Nkhondo

Vietnam ndi dziko la ku Asia. Kale linali logawika pawiri, kumpoto ndi kummwera. Dziko la America linatumiza asilikali kukathandiza boma la kummwera pa nkhondo yolimbana ndi akumpoto. Asilikali ake oposa 58,000 anafera komweko. A ku Vietnam amene anafa anali ochuluka koposa, ambiri mwa iwo anthu wamba. Asilikali a America anachoka mu 1973. Pa 30 Epulo 1975, akumpoto analanda mzinda wa Saigon, likulu la kummwera, nkhondo n'kutha.

Zaka zosalankhulana

Mfuti zinaleka kulira, koma chidani chinatsala. America inaletsa malonda ndi Vietnam. Mayiko awiriwa sanatumizirane kazembe. Kazembe ndi munthu amene amaimira dziko lake m'dziko lina.

Mafupa a ana awo

Nkhani imene inakhalitsa pansi mayiko awiriwa inali ya maliro. Mabanja ambiri ku America sankadziwa kumene ana awo anafera. Aliyense amene anaferedwapo akudziwa kuwawa kolira popanda manda. Kuyambira mu 1988, anthu a mayiko onse awiri anayamba kufufuza limodzi. Ankakumba m'nkhalango, m'mapiri ndi m'minda ya mpunga. Akapeza mafupa, ankawatumiza kwawo. Tisaiwale kuti a Vietnam ankachita izi ana awonso ambirimbiri asanapezeke. Kumeneko kunali kulolera kwakukulu.

Mu 1994, Pulezidenti Bill Clinton anachotsa chiletso cha malonda. Pa 11 Julayi 1995 analengeza kuti mayiko awiriwa akhazikitsa ubale.

Kazembe woyamba

Amene anasankhidwa kupita ku Hanoi, likulu la Vietnam, anali a Pete Peterson. Bambowa anali woyendetsa ndege yankhondo. Mu 1966 ndege yawo inagwetsedwa ku Vietnam komweko, ndipo anagwidwa. Anakhala m'ndende zaka zoposa 6, m'mavuto osaneneka. Anamasulidwa mu 1973.

Mu 1997 anabwereranso, tsopano ali kazembe. Sanangokhala mu ofesi. Anapita kumudzi wa An Doai, kumene anagwidwira. Anakumana ndi anthu amene anawagwira aja, n'kupatsana moni. Ankayenda m'midzi ndi m'misika, kucheza ndi anthu amene kale ankawaponyera mabomba. Si munthu aliyense angakwanitse zimenezi.

Chaka chomwecho, a Le Van Bang anakhala kazembe wa Vietnam ku Washington.

Zimene zatsala

A Clinton anakacheza ku Vietnam mu 2000, ndipo Pulezidenti Joe Biden mu 2023. Lero America imagula zovala, nsapato ndi mafoni ambiri opangidwa ku Vietnam.

Koma mabala sanapole onse. Mabomba osaphulika akuvulazabe alimi ndi ana. Mankhwala a Agent Orange, amene ndege za America zinkapopera m'nkhalango, anawononga nthaka ndi thanzi la anthu. Mayiko awiriwa anamaliza kuyeretsa nthaka pa bwalo la ndege la Da Nang mu 2018. Pa bwalo la Bien Hoa, pamene pali poizoni wambiri, ntchitoyi inayamba mu 2019.