Nyimbo zoopsa za m'mafilimu ndi ng'oma zomwe taziiwala

Ukafika pamsika wa Mitundu kapena pa Nathenje dzuwa litapendeka, sufunsa komwe akuonetsa kanema. Sipika yomwe aikoleka pakhomo imakuitana yokha. Ana opanda ndalama yolowera amatsamira khoma panja, makutu ali tcheru. Chithunzi sakuchiona, koma chigawenga chikafika amadziwa, chifukwa nyimbo imasintha. Pansi pamamveka kugunda ngati mtima wa munthu wothamangitsidwa, pamwamba pali kamawu koonda kosadukiza. Tsiku lina ndidamva kamnyamata kakunong'oneza mnzake kuti, "Afa ameneyo." Sipadapite nthawi, mfuti idalira m'katimo.

Nyimbo yopanda mawu yomwe idamuuza mwanayo za imfa ili ndi mbiri yake. Mafilimu oyamba anali osalankhula, ndipo m'maiko a azungu munthu ankakhala pansi pa chinsalu akuimba piyano motsatira zomwe zikuchitika. Kuno kanema adafika pagalimoto. Pakati pa 1935 ndi 1937, a Bantu Educational Kinema Experiment adayendayenda m'chigawo chino, mpaka ku Nyasaland, mawu akuchokera pambale za galamafoni. Mu 1948 kudabwera Central African Film Unit ya ku Salisbury, ndi mafilimu ake ophunzitsa ulimi ndi ukhondo. Zoopseza anthu sizinali m'maganizo mwawo.

Ku Hollywood n'komwe mantha adasanduka luso. Mu 1933 Max Steiner adalembera filimu ya King Kong nyimbo ya okhestra, gulu lalikulu la mavayolini, malipenga ndi ng'oma, ndipo opanga mafilimu adaona kuti chilombo chimakula kawiri nyimbo ikachiperekeza. Nthawi imeneyo n'kuti Leon Theremin wa ku Russia atapanga kale choimbira chamagetsi chodabwitsa. Chili ndi tizitsulo tiwiri, ndipo woimba sachikhudza n'komwe. Amangoyendetsa manja m'malere, icho n'kumalira ngati mayi wobuma maliro kutsidya la dambo. Miklós Rózsa adachiika pakati pa okhestra mufilimu ya Alfred Hitchcock yotchedwa Spellbound mu 1945, Bernard Herrmann naye n'kuchigwiritsa ntchito mu The Day the Earth Stood Still mu 1951. Ukwati wa zingwe ndi magetsi udayambira pamenepo.

Robert Moog atatulutsa makina ake opangira mawu mu 1964, munthu mmodzi adayamba kukwanitsa ntchito ya gulu lonse. Amene tidakulira m'nyumba za kanema timaikumbukira bwino nyimbo ya The Terminator ya mu 1984. Brad Fiedel adaipanga pafupifupi yekha ndi makina, ndipo kulira kwachitsulo kuja kudachokera pa chiwaya chokazingira chomwe adachimenya ndi hamala. Ine nkhani ya chiwayayi imandigwira mtima kuposa mayina onse akuluakuluwa, chifukwa chiwaya chili paliponse pomwe akukazinga tchipisi pa Nathenje. Pambuyo pake Hans Zimmer adaphatikiza okhestra ndi makina mwamphamvu. Mu The Dark Knight ya mu 2008, yomwe adalemba ndi James Newton Howard, chigawenga Joker amabwera ndi kamawu kamodzi kachingwe komwe kamakwera pang'onopang'ono osafika, mpaka woonera kusowa pokhala.

Njira zoopsezera ndi nyimbo si zambiri. Mawu otsika kwambiri omwe amamveka m'chifuwa, kugunda kobwerezabwereza komwe kumanka kufulumira, mawu awiri oyandikana omwe amakhulana m'malo mogwirizana, kenako kudula zonse mwadzidzidzi kuti pakhale zii.

Mchewa wa kumwera kwa Lilongwe akamva zimenezi sangadabwe. Yemwe adagonapo pamaliro a mfumu m'midzi yozungulira phiri la Bunda amadziwa zomwe ng'oma imachita usiku. Anyamata amaiwamba pamoto, n'kumaigogoda ndi chala kuti amve ngati yakoka, ina n'kuimata phula pakati kuti mawu atsike. Gunda imagunda pansi, mpanje imasunga mayendedwe, mbalule n'kumalankhula ndi mapazi a wovina. Chilombo chisanatulukire kuchokera kudambwe, thupi limakhala litachita kale tsemwe, ndipo ng'oma zikaduka, ngakhale mwana wakubere amatonthola. Woimba mbalule amawerenga fumbi ndi mwendo monga mmene wolemba nyimbo za filimu amawerengera chithunzi. UNESCO idazindikira Gule Wamkulu mu 2005, koma luso la oimba ng'oma zake sitilitchula kawirikawiri.

Alendo adaona kale chuma chotere. Hugh Tracey adajambula nyimbo za ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Ludwig Göransson, polemba nyimbo za Black Panther ya mu 2018, adakamvetsera kunyumba yomweyo, atayenda kale ku Senegal ndi Baaba Maal. Adasakaniza ng'oma ya tama, okhestra ndi makina, n'kupata mphoto ya Oscar. Mu 2019 dziko lonse lidaona Gule Wamkulu mu The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba yomwe Chiwetel Ejiofor adaijambula ku Kasungu. Wolemba nyimbo zake anali Antônio Pinto wa ku Brazil. Ntchito adaigwira bwino, koma mtima umandiwawa kuti nkhani ya njala yathu idalira ndi mawu ochokera kutsidya la nyanja.

Sikuti sitingathe. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah idapambana pa nyimbo zake pa mphoto za Africa Movie Academy Awards mu 2013. Komabe mafilimu ambiri omwe achinyamata akujambula lero, zochitika zikafika pa ufiti kapena pamanda, amangotola nyimbo pa intaneti, yomweyo yomwe tidaimva kale m'mafilimu a ku Nigeria. Pamene mnyamata yemwe amapanga mabiti pa FL Studio m'kachipinda kake ali ndi zida zoposa zomwe Fiedel anali nazo mu 1984.

Inu anyamata ndi atsikana a masitudiyo, tengani chojambulira mawu mupite kwa mfumu. Pemphani chilolezo, za kudambwe muzisiye kudambwe, ndipo oimba ng'oma muwalipire n'kulemba mayina awo kumapeto kwa filimu. Jambulani gunda itangochoka pamoto, mtondo wa m'mawa, chigayo cha dizilo chikamayamba kulira, mphepo ya mu Julaye ikamaomba pamalata. Mukabwerera pa kompyuta, muikepo mavayolini anu pamwamba pake.