Chiwerengero cha anthu a ku Ntcheu ndi mitundu yawo

Boma la Ntcheu lili kumapeto kwa chigawo chapakati, pa msewu wa M1 pakati pa mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Limachita malire ndi maboma a Dedza, Mangochi, Balaka ndi Neno, ndipo kumadzulo kwake kuli chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018, amene inachititsa nthambi ya boma ya National Statistical Office, anapeza kuti m'bomali munali anthu 659,608 mwa anthu 17,563,749 a m'dziko lonse. Mu 1998 munali anthu 370,757. Choncho pa zaka 20 zokha anthu anawonjezekera ndi pafupifupi 290,000, pamene malo olima ndi okhala ndi omwe aja.

Tauni ya Ntcheu, imene anthu amangoti paboma, ndi yaing'ono koma ikukula mofulumira kuposa madera a kumidzi. Mu 1998 inali ndi anthu 8,783, mu 2008 anafika 14,642, ndipo mu 2018 anakwana 21,241. Komabe mwa anthu 100 alionse a m'bomali, atatu okha ndiwo amakhala m'tauniyi. Ena onse ali m'midzi ndi m'malo a malonda monga Lizulu, Biriwiri, Tsangano, Kampepuza ndi Bilira. Kumtunda kozizira chakumadzulo anthu amadalira kachewere, kabichi, nyemba ndi chimanga, pamene kuchigwa cha Bwanje chakum'mawa n'kotentha.

Chimene chimasiyanitsa Ntcheu ndi maboma ambiri n'chakuti mtundu umodzi ndiwo wochuluka kwambiri. Pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse analembetsa kuti ndi Angoni, ndipo otsalawo ambiri ndi Achewa, Alomwe ndi Ayao. Angoniwa ndi a kwa Maseko, amene makolo awo anachoka kumwera kwa Africa pa nthawi ya nkhondo za Shaka. Atayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, anabwerera n'kukhazikika kudera la phiri la Domwe, limene lero lili ku Mozambique. Mfumu yawo, Gomani Woyamba, inaphedwa ndi atsamunda a ku Britain mu 1896. Lero mtsogoleri wawo ndi Inkosi ya Makosi Gomani yachisanu, ndipo pansi pake pali mafumu monga Kwataine, Njolomole, Ganya, Champiti, Mpando, Makwangwala ndi Phambala.

Ngakhale zili choncho, chiyankhulo cha pakhomo, kumsika ndi kutchalitchi ndi Chichewa. Chingoni chinazilala chifukwa Angoni anakwatirana ndi anthu amene anawapeza ndi amene anawagonjetsa, ndipo ana anakula akuyankhula za amayi awo. Mawu a Chingoni anatsalira m'nyimbo za gule wa ngoma, m'ziwongo ndi m'mayina a ufumu. Mwambo wa Umhlangano, umene umachitikira ku Nkolimbo, cholinga chake china ndi kukumbutsa achinyamata za chikhalidwechi.

Malire nawo ali ndi gawo pa nkhani ya chiwerengero. M'madera ena chakumpoto kwa bomali msewu wa M1 ndiwo malire enieni, moti abale a banja limodzi amakhala tsidya lino ndi tsidya linalo. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, Ntcheu inali limodzi mwa maboma amene analandira othawa nkhondo ochuluka. Ambiri anabwerera kwawo pangano la mtendere la mu 1992 litasainidwa ku Rome.

Manambala a kalembera ndiwo amathandiza boma ndi khonsolo kudziwa kuchuluka kwa zipinda zophunzirira, zipatala ndi mijigo zimene zikufunika. Ku Ntcheu manambalawa akusonyeza kuti minda ya m'midzi ikugawidwa kwa anthu ochuluka m'badwo uliwonse, ndipo tauni imene inali ndi anthu osakwana 9,000 mu 1998 tsopano iyenera kupezera madzi, nyumba ndi misika anthu oposa 21,000.