Kuwerenga Anthu a m'Madambo a Kafue

Munthu akaima pa mlatho wa njanji wa ku Kafue, umene unamangidwa m'caka ca 1906, nayang'ana kumadzulo, amaona dambo lalikulu lofika kutali kufupi ndi Itezhi-Tezhi. M'dambomo mwakhala anthu kuyambira kale lomwe: Batwa, amene moyo wao ndi nsomba, ndi Baila ndi Batonga odyetsa ng'ombe m'mphepete mwace. Koma Boma linatenga nthawi yaitali lisanadziwe kuculuka kwao.

M'masiku a ulamuliro wa Azungu, kuwerenga anthu kunali nchito ya msonkho. Bwana D.C. ankayenda ulendo ndi amesenjala ndi mlembi wace, nafunsa mfumu ya mudzi maina a amuna oyenera kukhoma. Kucokera pa amunawo ndiye ankayerekeza ciwerengero ca akazi ndi ana. Tsono popeza kulembedwa kunali kukhoma msonkho, munthu wa bwato sanacedwe kulowa m'bango pomva kuti Bwana wafika. Njira yomwe inayenera kupeza anthu ndiyo inawabisa.

Ena anayesa njira ya kuleza mtima. Edwin Smith, mmishonale wa Methodist, ndi Andrew Dale, wa nchito ya Boma, anakhala zaka zambiri pakati pa Baila, naphunzira cinenero cao, ndipo buku lao la m'caka ca 1920 linanenanso za Batwa. Pambuyo pace, m'caka ca 1956, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder anayamba kulemba mabanja a Batonga a ku Gwembe, amene anthu pafupifupi 57,000 a mtundu wao anasamutsidwa cifukwa ca damu la Kariba. Iwo sanalembe kamodzi kokha ai. Ankabwerera kwa mabanja omwewo zaka zambiri, nafunsa amene wabadwa, amene wamwalira ndi amene wapita kumigodi. Motero munthu wosamuka sanasowe m'buku.

Boma linayesa kuwerenga midzi yosankhika m'caka ca 1950, koma kalembera woyamba wofika kwa Aafirika onse anacitika m'caka ca 1963, ndipo anapeza anthu opitirira mamiliyoni atatu. Ena anatsatira mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022, pamene alembi ananyamula matabuleti m'malo mwa mapepala.

Komabe dambo lili ndi bvuto lace. Asodzi, pamodzi ndi obwera kucokera ku Bulozi ndi kumpoto, amamanga misasa madzi akaphwa, naisiya akasefukira. Madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi, omangidwa m'zaka za m'ma 1970, anasinthanso nyengo za madziwo. Mlembi wofika mwezi wolakwika apeza phulusa lokha; wina angalembe munthu mmodzi kawiri, kumudzi ndi kumsasa.

Ife alembi a Boma tidziwa kuti sukulu, cipatala ndi mankhwala zimagawidwa monga mwa manambala a m'buku. Mwana wa kumsasa amene sanalembedwe alibe malo pa benci la sukulu. Cifukwa cace wowerenga anthu a m'dambo ayenera kukwera bwato, kufunsa eni malo nyengo ya madzi, ndi kuwauza poyera cimene awalembera, pakuti zidzukulu za amene anathawa msonkho sizinaiwale.